Nyimbo ya M'tsimba Yafika ku Oslo

Spinney Hill, Leicester
Lachinayi, 13 Malichi

Okondedwa achemwali anga a Enelesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse pakhomopo. Mwendo uja unkakuvutani unasiya? Nanga chimanga chabereka bwanji, poti ndinamva kuti mvula inadula mu Januwale?

Ife kuno tikudzuka. Bambo a Chilungamo akadanyamulabe makatoni ku Corby. Chilungamo akukula, Chichewa amamva chonse koma poyankha ndi Chingerezi basi, ngati mwana wa bwanamkubwa. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiye suli m'malo, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Mudabwa kuti kalata bwanji masiku ano a foni. Foni yanuyo ndikuidziwa, imagona m'thumba la alamu, ndipo uthenga umayamba wawerengedwa ndi anthu atatu usanakufikeni. Zomwe ndikulembazi si za amuna. Ndapatsira Chrissie, mnzanga wakutchalitchi amene akukwera ndege Loweruka kupita kwawo ku Madisi, ndipo walonjeza kuti atsika pa Mponela n'kukupatsani m'manja. Mukawerengere kuseri kwa nkhokwe muli nokha. Mukamaliza muiponye pamoto.

Lamulungu munandilembera kuti amayi anagwa kumunda Lachinayi lapitalo, sakudya bwino, koma ndisade nkhawa. Chichokereni tsikulo ndaimba foni kanayi. Kanayi konseko mwandiuza kuti agona. Achemwali, amayi amene ndikuwadziwa ine sagona masana ngakhale malungo awagwire chotani.

Sindinaiwalenso za malemu bambo. Munandiuza masiku atatu kuti akupezako bwino, pomwe manda munali mutakumba kale. Sindikukudzudzulani, ndi mmene timachitira ndi munthu wakutali. Koma ulendo uno ndili ndi chifukwa choopera chomwe inu simukuchidziwa, ndiye ndiloleni ndiyambire poyambira.

Mu Novembala ndinachoka kunyumba yosamalira okalamba ija. Ejensi yomwe imatipezera ntchito inanditumiza kuti ndizisamalira munthu mmodzi pakhomo pake ku Evington, ulendo waufupi pa basi kuchoka kuno. Dzina lake ndi Maren Holtvik, wazaka makumi anayi ndi zinayi, msinkhu wanu womwewo. Kwawo ndi ku Norway, dziko lozizira kuposa kuno, komwe akuti nyengo ina dzuwa limatha miyezi iwiri osatuluka.

Ndinalowa m'nyumbamo ndikuyesa kuti ndi wodwala wamba. Ndinangoona khoma lonse ladzaza ndi zithunzi za mtsikana wa tsitsi lofiira, atagwira maikolofoni pamaso pa chinamtindi cha anthu. Ndinafunsa amuna ake, a Colin, kuti mwana wawoyo ali kuti. Anandilozera mayi amene anali pampando wamatayala, dovu likutsika mbali imodzi ya kamwa, n'kunena kuti ndi yemweyo. Manyazi anandigwira tsiku loyamba lomwelo.

Mbiri yake anandifotokozera ndi a Colin omwewo, pang'onopang'ono, tikamamwa tiyi kukhitchini. Maren anakulira pachilumba cha asodzi, akuimba kwaya ngati mmene tinkachitira ife. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo nyimbo yoyamba yomwe analemba inali yowalira. Patapita zaka ziwiri anakaiimba pampikisano wa pa TV n'kupambana. Akuti dziko lonse linaigwira nyimboyo, mpaka lero anthu akwawo amaiimbabe pamaliro.

Kuchokera apo zinangoyenda. Anayamba kulemba nyimbo za Chingerezi zovinika, akuzungulira Germany, Japan ndi maiko ena omwe sindingathe kuwatchula. Atakwana zaka makumi atatu mawu anasasa, kunabwera atsikana ena atsopano, ndipo anthu anamuiwala monga mmene amachitira. Anakwatiwa ndi a Colin, omwe ankamukonzera zokuzira mawu, n'kudzakhala kuno kwawo kwa mwamunayo. Zaka khumi ndi kuposa anangokhala m'kachipinda kapansi akulembera nyimbo oimba ena. Zina zomwe Chilungamo amandisokosa nazo kukhitchini, kani analemba ndi iyeyu.

Chaka chatha anati abwererenso ndi chimbale chakechake. Nyimbo zisanu ndi ziwiri anali atajambula, matikiti okamuonera akuimba ku Oslo, likulu la dziko lawo, atagulidwa onse. Mu Juni anagwa ndi sitiroko akutsuka kapu. Mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu anapita onse, a Chingerezi ndi akwawo omwe. Anangotsala ndi liwu limodzi loti "ya". Akafuna madzi, ya. Akamva kuwawa, ya. Piyano yake a Colin anaiphimba ndi nsalu chifukwa akaiona ankalira.

Tsopano ndafika pa mlandu wanga.

Mukukumbukira chaka chomwe azakhali a Nabanda ananditengera kutsimba, bambo atapita kumsonkhano wa mpingo? Iwo anali namkungwi, inu munali phungu wanga, ndipo amayi ananamizira kuti sakuona chilichonse. Mukukumbukira nyimbo ija munkandiimbira kumtsinje m'mamawa, mukundithira madzi ozizira pamsana? Mawu ake sindilemba pano. Mukuidziwa.

Mukukumbukiranso zomwe azakhali ananena tsiku lometa, atandigwira khutu mpaka linatentha. Anati: "Zam'tsimba zimathera m'tsimba. Ukakaimbira wosavinidwa, kapena mwamuna akazimva pakamwa pako, wapha amako."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala nayo nyimboyo osaitulutsa. Ndinapita kusukulu, ndinavala yunifolomu ya chigwirizano, ndinawoloka nyanja. Ndinkayesa kuti ndinaiwala.

M'mawa wina mu Febuluwale ndinkamusambitsa Maren. Anali atakhala pakampando ka m'bafa, atawerama, msana uli poyera, akunjenjemera ngati namwali. Ndinatunga madzi m'kajagi n'kumuthira pamsana, ndipo nyimbo inangotuluka yokha. Sindinaganize, achemwali, ndikulumbira. Manja anakumbukira ntchito, pakamwa n'kutsatira.

Ndinaimba mzere woyamba. Nditafika pomwe anamwali amavomera, ndinamva mawu akuvomera. Ndinacheuka kuyang'ana kukhomo, kulibe munthu. Anali Maren. Mawu a Chichewa, opindikapindika inde, koma kanyimbo kake ndendende, ndi liwu lija la pa zimbale.

Jagi inagwa m'manja mwanga. Iye ananditsegulira maso ngati nayenso wadzidzimuka, kenako anandigwira mkono ndi dzanja lake labwino lija n'kugwedeza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Tinaimba mpaka madzi anazizira, tonse tikulira. Munthu amene anakhala miyezi isanu ndi itatu osatulutsa mawu, ndikanamutseka pakamwa bwanji?

Mayi wachipatala amene amamuphunzitsa kulankhula atamva, anachita kuwomba m'manja. Anatiuza kuti kuimba ndi kulankhula kumakhala mbali zosiyana za ubongo, ndipo munthu akhoza kulowera pakhomo la nyimbo n'kukapeza mawu ake. Anayesa nyimbo za Maren yemwe, koma iye ankatembenukira kukhoma chifukwa zinkamukumbutsa zomwe anataya. Anayesa zakutchalitchi, osatheka. Ya m'tsimba yokhayo ndi yomwe ankalola, poti inalibe chomukumbutsa.

Ndiye mayiyo anayamba kuika mawu ena m'kanyimbo komweko. Ndi njira imeneyo Maren anapempha madzi. Ndi njira imeneyo anatchula dzina la amuna ake. Pofika kumapeto kwa mwezi ankatha kunena mawu oposa makumi atatu, koma tsiku lililonse tinkayenera kuyamba ndi nyimbo ija m'bafa, apo ayi pakamwa sipatseguka.

Ine ndinakula mtima, ndisakubisireni. Mwana wa kumudzi kwa Chimbalanga kuchiritsa munthu wotchuka amene madokotala a kuno anamulephera. Ndinkayenda mumsewu wa Evington ngati ndine mwini wake.

Tsemwe loyamba linandigwira tsiku lomwe ndinatsegula chitseko cha bafa n'kupeza a Colin atakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja, misozi ili m'masaya. Anali atamva yonse, ndipo anali ataijambula. Mwamuna, achemwali. Khutu lija azakhali analigwira linayamba kutentha pomwepo.

Madzulo ndinawauza bambo a Chilungamo, osatchula nyimboyo. Anaseka mpaka kutsamwa. Anati zimenezo n'zoopsezera ana kuti asamalongolole, ndipo mzungu wosamva Chichewa ali ngati khoma, palibe chomwe waulula. Anandifunsa ngati matsoka a kwa Chimbalanga ali ndi viza yolowera ku Ulaya. Nanenso ndinaseka, ndipo ndinapitiriza kuimba. Safunsa anadya phula.

Lachinayi lapitalo a Colin anandiitanira m'kachipinda kapansi kaja. Anati akufuna kundionetsa chinthu chabwino. Anadina batani, ndipo ndinamva mawu anga akutsogolera, a Maren akuvomera, madzi akugwera pansi, kenako piyano ndi ng'oma zachizungu zikulowa pang'onopang'ono. Inali yokoma, ndisaname. Kukoma kwakeko ndi komwe kunandiopsa.

Anandiuza kuti m'mawa womwewo anali ataitumiza ku Oslo, ku kampani yomwe imatulutsa nyimbo za Maren. Akumeneko anaimva onse muofesi n'kuimirira. Akufuna ikhale yoyamba pachimbale chija chinaima, kuti dziko limve mmene Maren anapezera mawu ake. Anatulutsa pepala loti ndisaine, dzina langa lilembedwe pambali pa lake. Anapemphanso kuti ndiwalembere mawu ake onse ndi tanthauzo lake m'Chingerezi.

Tanthauzo lake, achemwali. Inu mukudziwa zomwe nyimbo ija imaphunzitsa. Ndinaona m'maganizo mwanga anyamata a pa Mponela akuiliza m'maminibasi, azibusa akuimva, azakhali akuimva pa wailesi ya mdzukulu wawo. Ndinanena kuti ndikaganize kaye, n'kuthamangira basi.

Lamulungu ndi pomwe uthenga wanu unafika. Ndinawerenga kuti amayi anagwa Lachinayi m'mawa. Ndinawerengetsa maola, poti inu muli patsogolo pathu ndi awiri. Nthawi yomwe a Colin ankatumiza nyimbo ija ndi nthawi yomwe amayi ankagwa m'mizere ya mtedza.

Ndikudziwa zomwe mungandiuze. Amayi ali ndi BP kuyambira kale, mankhwala amamwa akakumbukira, ndipo dzuwa la Malichi si loweramira kumunda munthu wa zaka zawo. Ine ndimagwira ntchito ndi odwala, zonsezi ndingaziphunzitse kwa ena. Ndimapemphera, ndipo ndikudziwa kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, osati m'nyimbo. Koma ndikuopa. Ndikamakwera basi ndikuopa, ndikamadya ndikuopa, foni ikalira m'thumba ndikuopa.

Lolemba m'mawa ndinapita kuntchito nditatsimikiza. Ndinawakhazika pansi onse awiri pabalaza n'kuwauza zonse. Ndinati nyimboyo si yanga, ndi ya amayi a m'mudzi mwathu, imaimbidwa kwa atsikana okhaokha pamalo obisika. Ndinawauza lumbiro lija mmene azakhali analinenera. Ndinawauzanso kuti mayi anga anagwa Lachinayi ndipo mpaka pano sindinamve mawu awo.

Ndinkayembekezera kuti andiseka ngati bambo a Chilungamo, kapena andichotsa ntchito. A Colin anafiira nkhope yonse, anapepesa kambirimbiri, ndipo anaimbira ku Oslo ndili pomwepo kuwauza kuti afufute. Akumeneko anavomera monyinyirika. Kaya afufutadi sindikudziwa, madzi akatayika saoleka, koma pepala lija a Colin analing'amba pamaso panga.

Ndinayesa kuti zatha. Sindinaganizire za Maren. Poti salankhula bwino, timaiwala kuti amamva chilichonse.

Anandiyang'ana. Kenako anavutika n'kutulutsa liwu latsopano popanda nyimbo, koyamba chidwalire. Anati: "Mama?"

Ndinavomera ndi mutu. Iye anakweza dzanja lake labwino lija n'kudzitseka pakamwa.

Achemwali, lero ndi tsiku lachinayi. Sanaimbe, sanalankhule, ngakhale "ya" uja palibe. Ndinayesa kumuimbira za kwaya m'bafa, anatseka maso. Mayi wachipatala uja anabwera Lachitatu n'kuyamba kanyimbo kaja chong'ung'udza, popanda mawu, koma Maren anamenya pampando mpaka mayiyo analeka. Watichenjeza kuti munthu wa sitiroko akasiya kuyeserera, zomwe anaphunzira zimabwerera m'mbuyo msanga, ndipo mwina osadzabweranso.

Ndamuuza Maren kuti mwina n'zikhulupiriro chabe, kuti amayi ali ndi BP. Amangopukusa mutu n'kuloza chithunzi cha mayi ake chomwe chili pa piyano. Munthu amene anataya mayi ali mtsikana sungamuuze kuti tiyese mwayi ndi mayi wa mnzake. Mzungu uyu walisunga lumbiro lomwe ine mwini wake ndinaliswa.

Dzulo ndinawapeza a Colin kukhitchini atatsamira sinki, mapewa akugwedezeka. Sanandidzudzule. Anangondifunsa kuti kodi kwathu kulibe munthu amene angapereke chilolezo. Ndinati alipo mmodzi, ngati mutu wawo ukugwirabe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu munali phungu wanga, ndipo namwali akalakwa mlandu umayamba kufika kwa phungu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mupite kwa azakhali a Nabanda tsiku lomwelo mulandire kalatayi. Chrissie wanyamula chitenje chatsopano ndi mpango, inu muonjezere nkhuku yoyera ija imakonda kuikira kukhitchini, ndidzakubwezerani ina. Mukagwade m'malo mwanga. Mukawauze kuti Dyna waulula, ndipo musachepetse kalikonse. Akatukwana, mulandire, ndi zanga.

Mukawafunse zinthu ziwiri. Choyamba, chomwe ndingachite kuti tsoka lichoke pa amayi. Ngati n'kubwera ndekha kudzameta mpala, ndibwera, tchuthi ndipempha.

Chachiwiri mwina akuthamangitsani nacho, koma mukanene ndithu. Nyimboyo ndi yoletsedwa kwa wosavinidwa. Nanga Maren atavinidwa? Ndikupempha kuti azakhali amuwerengere ngati namwali wawo, ine ndikhale phungu wake. Kusamba ndamusambitsa kale miyezi inayi, kumvera amamvera kuposa ine, ndipo chinsinsi mwaona nokha mmene akusungira. Akalola, tiziimba awiriwiri m'bafa chitseko chotseka, a Colin atapita kukagula mkaka, popanda foni, popanda chimbale. Azakhali anene okha pa foni yanu kuti alola, ngakhale mawu awiri, kuti ndikamumvetsere. Chichewa sadziwa, koma liwu la munthu wololeza adzalizindikira, khutu lake ndi la woimba.

Za a Colin ndi anthu a ku Oslo amene anaimva kale, sindikudziwa kuti azakhali agamula zotani. Mukawauze kuti sanamve tanthauzo ngakhale limodzi, ndipo mwamunayo walapa kuposa mmene amuna akwathu amalapira.

Koma musanapite kwa azakhali, muyambe mwalowa m'nyumba mwa amayi. Mubwereke foni kwa alamu, munene kuti ndi zachizimayi, sangafunse. Muwaikire pakamwa. Sindikufuna nkhani yaitali. Anene dzina lija ankandiitana ndili mwana, lomwe inu nokha ndi iwo mukulidziwa. Akalephera, ngakhale kutsokomola kokha, ndikuzindikira.

Ngati amayiwo kulibenso oti muwaikire foni pakamwa, mundiuze mosabisa. Musandiuzenso kuti agona. Musadikire kuti ndimalize shifiti kapena kuti bambo a Chilungamo akhale pafupi. Ndine wamkulu tsopano, ndipo ngati ndi ine ndachititsa, ndiyenera kumva ndi makutu omwewa.

Mawa seveni koloko ndikhala ndili m'bafa ku Evington, jagi m'manja. Timasamba chete masiku ano, kumangomveka madzi. Nyimbo ija imafika pakhosi panga, ndipo ndimaona kuti yafikanso pakhosi pake, tonse n'kumeza. Tidikira yankho lanu.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa mtolo womwe ndakusenzetsaniwu. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Fanesi ndi ang'ono ake, kwa amalume a ku Dzoole, ndi kwa amayi a chigwirizano amene akubwera kudzazonda matenda. Bambo a Chilungamo ndi Chilungamo akupereka moni kwa nonse.

Wa amayi sindikupatsirani. Umenewo ndikufuna ndipereke ndekha, iwo ayankhe.

Ndine mng'ono wanu, namwali wanu wosamva,

Dyna